Dzanja loswa njerwa: kodi pa ndewu yeniyeni limagwira ntchito?

Ngati mumachezera pa TikTok kapena pa Facebook, mavidiyo awa mwawaonapo ndithu. Mkulu wometa mpala waima njii, anzake akumuthyolera ndodo pamsana, iye osaphethira n'komwe. Wina akukhoma khoma la konkire ndi chibakera m'mawa uliwonse. Wina akugubuduza botolo pamsongolo, ati akupha mitsempha kuti asamamve kuwawa. Ukangoonera imodzi mpaka kumapeto, basi foni ija yakudziwa, izikubweretsera zomwezo mpaka bandulo ithe.

Ife amene tinakulira m'mavidiyo sho, kukhala pa benchi kuonera Jet Li akulankhula Chichewa, sitivutika kukhulupirira. Nkhani inkakhala yomweyomweyo: mnyamata wamenyedwa, wathawira kuphiri, wakazunzika ndi maphunziro, wabwera ali chitsulo. Mu The 36th Chamber of Shaolin ya 1978, Gordon Liu amatunga matumba a mchenga ndi mutu. Mu Kickboxer ya 1989, Jean-Claude Van Damme amamenya mtengo ndi msongolo mpaka kuugwetsa. Ndiye pali anyamata ambiri, mwina ena mukuwerenga pano, amene akuyesera zomwezi kuseri kwa nyumba, ndi chikhulupiriro choti tsiku lina akadzakumana ndi mbava pa depoti kapena chidakwa chofuna ndewu ku bala, thupi lolimbalo lidzawayankhira.

Kodi lidzayankhadi?

Tiyambe ndi zoona zake, chifukwa si zonse zomwe zili zabodza. Fupa ndi chinthu chamoyo. Dokotala wina wa ku Germany, Julius Wolff, analemba mu 1892 kuti fupa limasintha molingana ndi katundu amene likusenza. Ukamaligwiritsa ntchito yolemetsa pang'onopang'ono, limakhuthala, ukalisiya, limapepuka. N'chifukwa chake osewera tenesi amakhala ndi mafupa okhuthala ku dzanja logwirira chomenyera kusiyana ndi dzanja linalo. Khungu nalo limalimba: funsani manja a mayi aliyense wolima ndi khasu. Choncho wa karate wa ku Okinawa amene wamenya makiwara, thabwa lija lokulungidwa ndi chingwe, kwa zaka 20, dzanja lake silifanana ndi lanu ndi langa. Pamenepo palibe mkangano.

Koma kusinthaku kumatenga miyezi ndi zaka, ndipo kuli ndi malire. Chimene chimafulumira ndi kuzolowera ululu. Patangotha masabata angapo munthu amaona kuti msongolo sukuwawanso ngati kale, n'kuganiza kuti fupa lasanduka chitsulo, chonsecho ndi mutu chabe umene wasiya kudandaula. Apa m'pamene pali ngozi. Ululu uja ndi mlonda. Ukamugoneka mlondayo fupa lisanalimbe, umayamba kumenya ndi mphamvu yoposa imene fupalo lingapirire.

Za kuswa njerwa ndisatayepo nthawi yambiri. Pamafunika liwiro ndi kulimba mtima, inde, koma njerwa kapena thabwalo amaligoneka pa zochirikiza ziwiri kuti pakati pakhale mpata, thabwa amalisweka motsata mizere yake, ndipo zikasanjikizana amaika timitengo pakati kuti ziziswana zokha motsatizana. Chachikulu n'chakuti njerwayo imakudikira. Umasankha wekha malo, ngodya ndi nthawi, umapuma kaye katatu. Mutu wa munthu suchita zimenezo.

Tyson nayenso anathyoka dzanja

Mu June 1988, Mike Tyson anagwetsa Michael Spinks m'masekondi 91 okha. Anali ndi zaka 21, ndipo padziko lonse panalibe munthu woopedwa pa nkhonya kuposa iye. Patatha miyezi iwiri, mu August, anakumana ndi wankhonya mnzake Mitch Green m'bandakucha ku Harlem mumzinda wa New York, ndewu n'kubuka pamsewu. Green anachoka ndi diso lotupa lotsekeka. Tyson anachoka ndi fupa losweka ku dzanja lamanja, n'kuikidwa chikhakha.

Taganizani bwino. Munthu amene ntchito yake inali kumenya, amene ankamenya thumba tsiku ndi tsiku kuyambira ali mwana, atangomenya wopanda magolovesi dzanja linalephera. Chifukwa chake si chachilendo: dzanja lili ndi mafupa 27, ambiri ang'onoang'ono, opangidwira kugwira zinthu. Chipumi cha munthu ndi limodzi mwa mafupa olimba kwambiri m'thupi. Mnzako akangoweramitsa mutu pang'ono, chibakera chimene chimapita pamphuno chimakathera pachipumi. Kuthyoka kwa fupa lolowera ku kachala kakang'ono kakumapeto n'kofala kwambiri moti madokotala anakupatsa dzina lakelake, boxer's fracture. Nsalu zimene ankhonya amakulunga m'manja ndi magolovesi aja, ntchito yake yaikulu ndi kuteteza dzanja la womenyayo.

A karate anena kuti eya, n'chifukwa chake ife timalimbitsa manja, ankhonya anazolowera kubisala m'magolovesi. Chabwino. Tiyeni ku Denver, pa 12 November 1993, pa mpikisano woyamba wa UFC, pamene kunalibe lamulo lovala magolovesi. Gerard Gordeau wa ku Netherlands, katswiri wa karate yolimba komanso savate, anakumana ndi Teila Tuli, chiphona cha sumo cha ku Hawaii. Nkhondo sinathe ndi theka la mphindi. Gordeau anamumenya theche la kukamwa mpaka dzino kuuluka, n'kuonjezera chibakera chimodzi. Chibakera chimodzi chomwecho chinamuthyola dzanja.

Apa tisanamizane, kulimba kwa Gordeau kunaonekeradi: anapitiriza usiku womwewo ndi dzanja lothyokalo, n'kupambananso nkhondo yachiwiri. Kupirira koteroko si kwa munthu wamba. Koma mu fainolo anakumana ndi Royce Gracie wa ku Brazil, munthu wochepa thupi wa makilogalamu pafupifupi 80, amene sanasamale kuti mafupa a Gordeau ndi olimba bwanji. Anamugwetsa pansi, n'kumukola pakhosi, mphindi ziwiri zisanathe. Mitsempha yopititsa magazi ku ubongo ilibe makiwara yake.

Pali china chimene mafilimu satiuza. Ukamenya munthu pakamwa dzino n'kukucheka pamfundo ya chala, kabala kamaoneka kakang'ono, koma tizilombo ta m'kamwa talowa mkati mwa mfundoyo. Pakatha masiku awiri kapena atatu dzanja latupa, muli mafinya, ndipo nthawi zina pamafunika opaleshoni. Kwa munthu wodya za manja ake, wakabaza, telala, makaniko kapena wometa tsitsi, kupambana ndewu kwa mtundu umenewu kumatanthauza masabata angapo opanda ndalama.

Nanga msongolo? Anderson Silva wa ku Brazil anamenya mateche moyo wake wonse. Pa 28 December 2013, Chris Weidman anangonyamula bondo kutchinga theche lake, mafupa onse awiri a mwendo wamanzere wa Silva n'kuthyoka, phazi kulendewera. Vidiyo imeneyo musaionere mukudya. Ndiye mu April 2021, Weidman yemweyo anaponya theche lake loyamba kwa Uriah Hall, patangotha masekondi 17, mwendo wake n'kuthyoka chimodzimodzi. Awa ndi anthu amene misongolo yawo yazolowera kuposa ya aliyense wogubuduza botolo kuchipinda. Chigawo cha m'munsi cha msongolo n'chochepa, cha kufupi ndi bondo n'chokhuthala. Ziwirizi zikawombana mwamphamvu pa ngodya yolakwika, chochepacho ndicho chimagonja.

Mwa njira, za anyamata a Muay Thai a ku Thailand omenya mitengo zija: mtengo wake ndi nthochi. Aliyense wa ku Thyolo kapena ku Nkhata Bay akudziwa kuti thunthu la nthochi ndi madzi okhaokha. Masiku onse anyamatawo amamenya thumba ndi mapadi ogwiridwa ndi mphunzitsi, n'kumathamanga mitunda. Amene akumenya mlongoti wa bulugama kuti afanane nawo akutsanzira chinthu chimene eni akewo sachita.

Malo amene salimba

Vuto lalikulu la chiphunzitso cha thupi lachitsulo n'lakuti malo amene amathetsa ndewu ndi omwe aja osatheka kuwalimbitsa. Munthu amakomoka mutu ukatembenuka mwadzidzidzi ubongo n'kugwedezeka m'chibade. N'chifukwa chake chibakera cha pachibwano chimagwetsa: chibwano chili ngati chogwirira chotembenuzira mutu wonse. Khosi lamphamvu limathandizako pang'ono kuchepetsa kutembenukako, koma ubongo weniweniwo sulimba ndi kumenyedwa. Umangoonongeka, ndipo kuonongekako kumaunjikana.

Yi Long, womenya wa ku China amene ankalowa m'bwalo atameta mpala ndi kuvala ngati mmonke wa ku Shaolin, ankakonda kutsitsa manja kuti mdani amumenye kumaso anthu aone kulimba kwake. Mu 2010 ku Las Vegas anachita zomwezo pamaso pa Adrien Grotte, wapolisi wa ku America. Zibakera zoyamba anazipirira. Chotsatira chinamugoneka chagada. Pambuyo pake akuluakulu a kachisi wa Shaolin ananena poyera kuti mkuluyu si mmonke wawo.

Chiwindi nacho n'chimodzimodzi. Chili kumanja, kunsi kwa nthiti, ndipo chikalandira nkhonya yabwino thupi limangozima lokha, kaya mtima ukufuna kupitiriza. Ambiri munaonera Gervonta Davis ndi Ryan Garcia mu April 2023. Mu raundi ya 7 Davis analowetsa lamanzere m'nthiti; Garcia anabwerera m'mbuyo ngati palibe chachitika, kenako n'kugwada, osadzukanso mpaka woweruza kumaliza kuwerenga. Mnyamata wa mimba yooneka ngati anachita kusema.

Nanga aja amathyoleredwa ndodo pamimba? Yang'anitsitsani vidiyoyo kachiwiri. Munthuyo waima bwino, wakoka mpweya, walimbitsa minofu, ndipo akudziwa malo ndi nthawi imene ndodo ifike. Womenyayo ndi mnzake. Luso lilipo, sindikukana, koma ndi luso lolandira nkhonya imene ukuiyembekezera. Harry Houdini, katswiri wa zamatsenga ndi zodzimasula m'maunyolo, ankadziwika kuti amapirira nkhonya ya pamimba. Mu October 1926 ku Montreal, mnyamata wina wophunzira anamufunsa ngati zimenezi n'zoona, n'kuyamba kumukhoma Houdini ali chitsamire pampando, asanakonzeke. Anamwalira pa 31 October ku Detroit, kathumbo kotchedwa appendix kataphulika. Madokotala mpaka pano amatsutsana ngati nkhonyazo ndizo zinayambitsa, koma kuti zinamupweteka kwambiri munthu amene ankazipirira akakonzeka, pamenepo palibe wotsutsa. Ndipo pa ndewu yeniyeni, nkhonya imene imakugwetsa ndi imene sunaione.

Chimene Xu Xiaodong anaulula

Ku China komweko nkhaniyi inafika povuta mu April 2017. Xu Xiaodong, mphunzitsi wa MMA wa ku Beijing amene sanali ngakhale katswiri wapamwamba, anakumana ndi Wei Lei, mkulu wa tai chi amene anaonekerapo pa kanema wa boma akuonetsa mphamvu zodabwitsa. Anamenyanirana ku Chengdu. Theka la mphindi lisanakwane, Wei anali pansi atadziphimba kumutu. Mu May 2020, Ma Baoguo, mkulu wina wodzitcha katswiri wa tai chi, anagwetsedwa katatu m'masekondi 30 ndi munthu wongophunzira nkhonya mwa apo ndi apo. Xu sizinamuyendere bwino: anamunena kuti akunyoza chikhalidwe cha dziko lake, ndipo mu 2019 khoti linamulamula kupepesa ndi kulipira mkulu wina wa tai chi amene anamunyoza, mpaka kwa kanthawi analetsedwa kukwera ndege ndi sitima zothamanga.

Mukaonera mavidiyo amenewa, musayang'ane kuti ndani ali ndi thupi lolimba. Yang'anani nkhope ya wogonjayo pamene chibakera choyamba chafika. Amatseka maso, amatembenuka, amabwerera m'mbuyo molunjika manja ali m'mwamba ngati akuthamangitsa njuchi. Zaka zonse zija za maphunziro zimasowa m'sekondi imodzi, chifukwa pa zaka zonsezo sanakumanepo ndi munthu amene akufunadi kumumenya ndipo sakugwirizana naye.

Izi Jigoro Kano anazizindikira kalekale. Poyambitsa judo ku Tokyo mu 1882, anachotsa m'maseweramo njira zoopsa monga kutong'ola maso, kuti ophunzira ake azitha kulimbana ndi mphamvu zawo zonse tsiku lililonse popanda kuphana. Zimaoneka ngati anafewetsa luso, koma zotsatira zake zinali zosiyana: njira yosaopsa imene waiyesa kambirimbiri pa munthu wokana imaposa njira yakupha imene unangoiyeserera mumphepo. Ndipo musamve ngati ndikuti karate kapena kung fu n'zachabe. Lyoto Machida anatenga lamba wa UFC mu 2009 ndi karate. Zhang Weili, amene anatenga lamba mu 2019 atagwetsa Jessica Andrade m'masekondi 42, anayamba ndi kung fu ali mwana asanapite ku sanda. Kusiyana kwawo ndi Wei Lei si dzina la luso, koma kuti iwo ankamenyana ndi anthu obwezera.

Ndiye kulimbitsa thupi kumene kumafikadi pa ndewu n'kuti? Koyamba ndi mpweya. Amene sanayesepo sadziwa kuti mphindi imodzi yolimbana ndi munthu imatopetsa bwanji. Manja amalemera ngati wanyamula zidebe, miyendo imanjenjemera. Kachiwiri ndi kuzolowera kumenyedwa osasokonezeka mutu, kumene kumabwera ndi sparring, kumenyana kophunzira kovala zodzitetezera. Kachitatu, chimene achinyamata ambiri sachilabadira chifukwa sichikoma pa vidiyo, ndi kudziwa kugwa osamenyetsa mutu.

Isaac Chilemba wathu ndi chitsanzo chabwino. Mu July 2016 anapita ku Ekaterinburg kukakumana ndi Sergey Kovalev, amene panthawiyo ankagwetsa pafupifupi aliyense. Chilemba anagwa mu raundi ya 7, anadzuka, n'kumaliza maraundi onse 12. Anagonja pa mapointi, koma chimene chinamufikitsa kumapeto si chibwano chachitsulo. Ndi mapazi, kuzemba, kudziwa mtunda, ndi mpweya woti apitirize kuchita zimenezo kwa mphindi 36.

Muhammad Ali ndiye anayandikira kwambiri chiphunzitso cha thupi lachitsulo. Pokonzekera George Foreman ku Kinshasa mu 1974, ankalola anzake ophunzira nawo kumukhoma ali chitsamire pa zingwe. Pa tsikulo zinagwira: Foreman anamenya mpaka kutopa, Ali n'kumugwetsa mu raundi ya 8. Koma onani kuti ankazolowera nkhonya zenizeni, zochokera kwa ankhonya enieni, uku akuphunzira kuzitchinga ndi kuzizembera, osati ndodo ya mnzake wogwirizana naye. Ndipo mu 1984 anamupeza ndi matenda a Parkinson's. Akatswiri sagwirizana kuti nkhonya zinathandizira motani, koma ine sindingalangize mng'ono wanga kutsata njira imeneyo.

Pamsewu palibe belu

Zonse ndatchulazi, kupatula za Tyson ndi Houdini, zachitika m'bwalo: munthu mmodzi kwa mmodzi, woweruza ali pompo, dokotala ali pafupi, pansi pofewa. Kunja kuno mnzakoyo ali ndi anzake atatu amene sunawaone, wina wagwira botolo, wina ali ndi mpeni m'thumba. Minofu ya pamimba, kaya ndi yolimba chotani, mpeni suifunsa.

Maganizo oti thupi likhoza kukhwimitsidwa mpaka chitsulo osalowa si atsopano, ndipo apha anthu ambiri. M'zaka za m'ma 1890 ku Shandong, gulu lotchedwa Big Swords linkadzimenya ndi njerwa ndi kumeza zithumwa pokhulupirira kuti lupanga silingawalowe. Chikhulupiriro chonga chomwechi chinafalikira kwa a Boxer amene anaukira azungu mu 1900, ndipo anakumana ndi mfuti. Kwa anansi athu ku Mozambique, a Naparama a m'chigawo cha Zambézia ankatemera mphini zoti zipolopolo zisawalowe. Mtsogoleri wawo Manuel António anaphedwa pa nkhondo ndi a Renamo mu December 1991. Ife kuno timakudziwa kukhwima. Kumenya khoma si mankhwala a sing'anga ayi, koma kukafika pokupangitsa kuima pamalo pamene unayenera kuthawa, kusiyana kwake kumachepa.

Komanso tiyerekeze kuti zonse zayenda monga mwa filimu: chibakera chako chafika, mnzako wakomoka. Munthu wokomoka satchinga ndi manja pogwa. Amagwa ngati thumba, nkhongo n'kukamenya phula kapena m'mphepete mwa ngalande, ndipo nthawi zambiri chimene chimapha ndi kugwako. Ku Australia imfa zotere zinachuluka m'malo omwera mowa a ku Sydney moti mu 2014 boma la New South Wales linakhazikitsa lamulo lakuti woledzera akapha munthu ndi chibakera, asakhale kundende zaka zochepera 8. Kuno kwathu, kuvulaza munthu kwambiri ndi mlandu umene chilango chake chimafika zaka 14, ndipo akamwalira, ngakhale sunafune kupha, khoti likhoza kukupatsa moyo wonse. Kunena kuti ndinangomumenya kamodzi sikuthandiza pamaso pa majisitireti.

Kwa amene akufunadi kuphunzira, malo alipo: makalabu a nkhonya, judo, karate ndi taekwondo m'matauni athu, ndipo ana a ku Amitofo Care Centre ku Blantyre akhala akuonetsa kung fu imene imafuna khama ndi mwambo woti ambirife sitingaukwanitse. Mukafika pamalo, musafunse kuti aphunzitsi amaswa njerwa zingati. Funsani ngati ophunzira amachita sparring, ndipo khalani kaye pambali muonere. Ngati palibiretu, mudzaphunzira masewera olimbitsa thupi, zomwe si zoipa, bola mudziwe kuti ndi zimenezo. Ngati ilipo koma ongoyamba kumene akukhomedwa m'mutu ndi akuluakulu mpaka kuona nyenyezi, ati akuwalimbitsa, tengani chikwama chanu muzipita. Pamalo abwino amayamba mopepuka, amakulunga manja, amavala magolovesi, ndipo amene wazunguzika mutu amamupumitsa masabata angapo ngakhale iye akukakamira.

Botolo lija libwezeni ku grosale. Ndipo kopulasitiki kotetezera mano kaja gulani kanukanu, kobwerekana ayi.